Za kudambo zija, mumve kwa mwini wake

Popeza nkhaniyi yafika kale pamsika wa Ulongwe itamera nyanga ndi mchira, lekani ndinene ndekha. Sindinkasuzumira amayi ayi. Ndinkafuna timba.

Osati timba wathu wamasiku onseyu. Mphwanga wophunzira ku Tete anandibwereka magalasi oonera patali, n'kundiuza kuti m'bango mumafika katimba kochokera ku Ulaya, azungu amati sedge warbler. Kolemera magalamu 12 basi, koma kamauluka usiku, kuwoloka chipululu cha Sahara, kufika kuno mvula itayamba, kubwerera cha mu Epulo. Ife pamalire pa Calomue timaima pamzere ndi mapepala, iko kumangodutsa pamwamba. Inu simukanafuna kukaona?

Ndiye ndikukwawa m'bangomo, magalasi kumaso, phazi lamanzere linamira. Ndikuti ndizule, lamanja nalo linatsatira. Matope mpaka m'chiuno, misundu ikuchita phwando. Ndinagwira bango kuti ndidzikoke, bangolo n'kupatuka, uko amayi akuchapa. Akuchapa, anthuni, osati akusamba! Koma mfuu wake unamveka mpaka ku Dedza.

Kwa anyakwawa ndinafika ndi jombo imodzi.

"Mwanawe, ukuti mbalameyo yachokera kuti?"

"Ku Ulaya, mfumu."

"Kudzatani?"

"Kudzadya tizilombo."

Bwalo lonse zii. Agogo ena analavula fodya.

"Ku Ulayako tizilombo tinatha?"

Ndinafotokoza kuti kukazizira kwambiri tizilombo timasowa. Iwo amvekere, "Nanga chisanu chathu cha Juni?" Ndinati chikamafika kamakhala katapita. Anagwedeza mutu: "Mlendo wanzeru ameneyo, kuposa womufunayo."

Kenako anyakwawa anati aone umboni. Magalasi aja anawagwira chozondotsa, n'kuloza akazi awo amene anali pamtondo pompo. "Iii! Mayi a kunyumba afika liti ku Domue?" Anawatembenuza, n'kudzidzimuka atawaona ali pamphuno. Anatembenuzanso. Domue. Pamphuno. Domue. Nduna nazo zinaima pamzere, aliyense kufuna kutumiza mkazi wake kutali. Ine ndili chiimire, matope akuuma, msundu umodzi ukadali pantchito. Mpaka wina anaona mbuzi zikudya chimanga m'munda wa eni kutsidya, mlandu wina n'kuyambika pomwepo.

Ine anandigamula nkhuku imodzi, ati ya kuopseza anthu. Amene amatchera ulimbo kudambo komweko tsiku ndi tsiku palibe anawaitanapo, koma izo tizisiye.

Katimba kaja ndinangokamva kulira. Wopeza jombo yakumanzere, nambala 42, ndi yanga.