Mowa wosasa wa R120 ndi mbiya ya agogo anga

Loweruka lapitali alamu anga ananditenga kuno ku Rosettenville akuti tiyeni mukalawe mowa wa anthu ozindikira, mwamwa Black Label mokwanira. Alamu angawa amaperekera zakudya mu restaurant ina ya azungu cha ku Rosebank ndiye zinthu za mavinyo ndi mowa wachilendo amazidziwa heavy, nthawi zina mpaka kutopetsa, munthu kununkhiza tambula kaye ngati akufufuza ngati mwalowa ntchentche. Ine ndinavomera chifukwa anati alipira okha.

Malo ake ali m'tauni momwemu, m'nyumba zakale zija zimene kale zinali mafakitale pano anazikonza kukhala modyera ndi momwera. Ofulula mowawo ndi anyamata ochepa chabe, si kampani yaikulu ngati SAB (South African Breweries) imene inayamba muno mu Johannesburg mu 1895 ayi, awa mathanki awo ukuwaona pompo uli pa mpando, ndipo kuseri kwa kauntala anasanjikiza migolo yamatabwa mwina khumi ndi iwiri, uliwonse atalembapo deti ndi choko. Alamu anaitanitsa umodzi wa mowa wa m'migolo imeneyo. Pa bolodi panalembedwa kuti ndi farmhouse ale yosasa, yakhala mu mgolo wa thabwa la mtengo wa oak miyezi 14, mphamvu yake 6.5%. Mtengo R120 katambula kamodzi, osati tambula yodzadza ayi, kokhala ngati ka vinyo kaja kamwendo kamodzi. Ndinawayang'ana alamu, ndati alamu ndalama imeneyi kwathu ku tavern ndi mabotolo aakulu angati? Anangoseka nkuti imwani kaye muziyankhula pambuyo.

Mtundu wake unali wa golide koma wachimbuuzi pang'ono, ngati madzi a mandimu osasefa, thovu loyera lochuluka limene silinachedwe kutha. Nditafikitsa pamphuno ndinabweza mutu. Aise. Fungo loyamba linali la khola, sindikunama, khola la mbuzi m'mawa mvula itagwa usiku, kuphatikiza udzu wouma. Ndati alamu awa atigulitsa mowa woonongeka. Koma nditanunkhizanso kachiwiri pansi pa kholalo panali zina, kafungo ka chinanazi chakupsa kwambiri, ka mandimu, ndi kena kake kotsekemera ngati vanila ya mu keke.

Kenako ndinamwa. Masaya onse anakokeka, malovu kudzadza m'kamwa nthawi yomweyo ngati mwana waona bwemba. Kuwawasa kwake si kwa viniga kobaya pakhosi kuja, ndi kofewa ngati kwa chambiko kapena malambe oviika m'madzi opanda shuga, ndipo ukameza m'kamwa mumatsala mouma gwa, lilime kukhakhala ngati wadya nthochi yosapsa bwino. Shuga mulibemo olo pang'ono. Gasi ndiye wambiri, amatetemera pa lilime. Kumwa koyamba sindinaukonde, ndinene zoona. Kwachiwiri ndinangokhala chete. Kwachitatu ndiye ndinaika tambula pansi chifukwa ndinali nditazindikira kumene ndinakumana nako kukoma kumeneku, ndipo sikunali ku Joni.

Agogo anga aakazi kumudzi kwathu ku Dedza ankaphika mowa wa masese. Amene munakulira kumudzi mukudziwa ndondomeko yake, kuviika mawere kapena chimanga mpaka zimere, kuyanika, kusinja kukhala chimera, kuphika phala la mgaiwa mu mgolo waukulu, kuthira chimera phala likazizira bwino, kenako kudikira masiku. Ife ana gawo lathu linali thobwa la masiku oyambirira likadali lotsekemera, koma likagona nkuyamba kusasa agogo ankatithamangitsa kuti izi tsopano ndi za akuluakulu. Nanga mwana umamva? Tinkaba ndi chikho iwo akapita kudimba, ndiye kuwawasa kumene kunandikoka masaya ndili ndi zaka 9 kuseri kwa nkhokwe ndi komweku ndinakupeza mu tambula ya R120. Masese ndi olemera, amakhutitsa ngati phala, uwu ndi wopepuka woonekera, koma msana wake ndi umodzi.

Mnyamata amene amafulula anabwera pa tebulo pathu, wa ndevu zake, ataona nkhope yanga anafunsa ngati ndaukonda. Ndinamuuza za agogo. M'malo moseka anakoka mpando nkukhala, ndiye zambiri zimene ndilembe apazi ndi zimene tinakambirana, zina ndinakawerenga ndekha pa foni usiku wake tulo titakana.

Mowa umenewu kwawo ndi ku Belgium, chigawo cholankhula Chifalansa chotchedwa Wallonia, makamaka dera la Hainaut, ndipo dzina lake lenileni ndi saison, kutanthauza nyengo. Alimi a kumeneko ankaufulula pa famu nthawi yozizira ntchito ya kumunda itachepa, nkuusunga mpaka nthawi yotentha kuti aziwapatsa aganyu obwera kudzakolola. Unali wosaledzeretsa kwambiri kuti munthu amwe nkubwereranso kumunda, izi za 6% kapena 7% ndi za masiku ano. Wodziwika kwambiri mpaka lero ndi Saison Dupont wa m'mudzi wa Tourpes. Atangonena za aganyuzo ndinaseka mpaka anthu a tebulo lina kutembenuka, ndati alamu mwamva? Uwu ndi mowa wa dima! Agogo akafuna kuti munda upalilidwe msanga ankaphika mowa nkuitana mudzi, anthu kulima kuyambira mbandakucha, dzuwa likafika pamutu onse pansi pa mtengo wa mango chipanda chikuzungulira. Ndiye mowa wa aganyu a ku Belgium wawoloka nyanja wafika ku Joni wavala suti, aganyu enieni ngati ife tikuchita kuwerenga kawiri mtengo wake kkkk.

Za kusasa kwake anafotokoza bwino mnyamatayo. Mowa wa masiku onse ngati Castle kapena Green wathu uja amagwiritsa yisiti ya mtundu umodzi yokha, yosamalidwa, ndipo chilichonse chachilendo chikalowamo amati mowa waonongeka amataya. Uwu amachita kuitanira dala tizilombo tina. Pali mabakiteriya otchedwa Lactobacillus ndi Pediococcus amene amadya shuga nkutulutsa asidi yemweyo amene amasasitsa mkaka kukhala chambiko, ndi omwewonso amasasitsa thobwa, mahewu, ngakhale umqombothi wa anzathu kuno. Ndiye pali yisiti yakutchire yotchedwa Brettanomyces, iwo amangoti Brett ngati dzina la mnzawo wa kusukulu. Imeneyi ndi imene imabweretsa fungo la khola lija ndi la chinanazi, imadya pang'onopang'ono miyezi ndi miyezi mpaka shuga amene yisiti wamba imalephera, nchifukwa chake mowawo umauma choncho. Opanga vinyo ambiri Brett amadana naye koopsa, akamupeza mu mgolo amaugulitsa kapena kuutaya.

Chimene chinandisangalatsa ine monga Mmalawi ndi ichi. Amene anaipatsa dzina yisiti imeneyi ndi wasayansi wa ku Denmark, Niels Hjelte Claussen, mu 1904, ataipeza mu mowa wa ku England umene unkasungidwa nthawi yaitali m'migolo, nchifukwa chake dzinalo limatanthauza bowa wa ku Britain. Ndipo bamboyu ankagwira ntchito ku Carlsberg. Ee, Carlsberg yomweyo imene mu 1968 inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark, tonse tinakula tikuiona pa zikwangwani, isanapite m'manja mwa kampani ya Castel mu 2016. Ndinamuuza mnyamatayo kuti kwathu munthu ukangoti Green aliyense amadziwa, iye samadziwa nkomwe kuti ku Malawi kuli Carlsberg. Apa ndiye ndinamuphunzitsako nanenso.

Koma nkhani yeniyeni ndi migolo. Imene ali nayo ndi ya malita 225, anaigula kwa opanga vinyo ku Stellenbosch itagwira kale ntchito zaka zingapo. Ndinafunsa ngati mitengo yake ndi ya komweko poti Stellenbosch amaitcha tauni ya mitengo ya oak, Eikestad, chiyambire nthawi ya Simon van der Stel amene anakhazikitsa tauniyo mu 1679. Akuti ayi, oak wa ku Cape amakula msanga chifukwa kumatentha ndiye thabwa lake limakhala la timabowo, limadontha, migolo yabwino imachokera ku France kapena ku America. Thabwalo limapereka kafungo ka vanila kaja ndi kukhakhala kwa pa lilime, ndipo popeza munali vinyo woyera kale, kamphesa kamatsalira. Limalolanso mpweya kulowa pang'ono pang'ono, wokwanira kuti tizilombo tija tigwire ntchito, koma ukachuluka pamabwera bakiteriya wina amene amasandutsa zonse viniga, mgolo wonse kuutaya mu dreni miyezi 14 yapita pachabe. Anandionetsa umodzi umene anaulemba X wamkulu. Mowa wina umangouma wokha kudzera m'thabwa, amachita kumawonjezera. Ndiye akamaliza samangotunga mgolo umodzi, amalawa yonse nkusakaniza, uwu wasasa kwambiri, uwu uli ndi khola lambiri, uwu ndi wofatsa, mpaka zigwirizane. Apa R120 ija ndinayamba kuimvetsa, ngakhale kuimvetsa ndi kuilipira ndi zinthu ziwiri.

Kenako ananena chinthu chimene chinandikhudza. Akuti mgolo ukatulutsa mowa wabwino sautsuka ndi mankhwala, amangotsukuluza ndi madzi nkuthiramo wina, chifukwa tizilombo tabwinoto timakhala m'kati mwa thabwa ndipo ndi timene timapatsa mowa wa nyumba imeneyo kukoma kwakekwake. Agogo anali ndi mbiya imodzi yakuda, yakale, ya kamng'alu kukamwa, imene sankalola munthu kuitsuka ndi sopo kapena kutungira madzi. Mayi anga atangokwatiwa kumene anaikwecha ndi mchenga kuti asangalatse apongozi, akuti kunali mlandu wa sabata yathunthu. Tonse tinkati ndi zikhulupiriro za anthu akale, mwinanso muli mankhwala oitanira makasitomala, poti mowa wa agogo unkatha msanga kuposa wa anzawo. Pa tebulo paja ndinangoti zii, alamu nkumandifunsa kuti mwaledzera kale?

Sindikunena kuti ziwirizi ndi chimodzimodzi, ndisakunamizeni. Masese amafuna amwedwe masiku omwewo akadali amoyo, ukachedwa ndi viniga, ngati Chibuku chimene chimafufuma mu paketi. Uwu ndi wa barele ndi tirigu, muli hops (timaluwa towawitsa mowa) pang'ono, ndipo mu botolo ukhoza kukhala zaka ukusintha kukoma. Luso la kudikira chaka ndi kusakaniza migolo ndi lawo, ndawapatsa ulemu. Chimene chimandinyansa ndi ife tomwe. Munthu akafika ku Joni nkugwira tindalama, masese amayamba kuwatcha mowa wa amphawi, onunkha, koma mumuike pa mpando wautali mumupatse fungo lomwelo mu tambula ya mwendo muone mmene agwedezere mutu. Alamu anga omwewa kumudzi chipanda amachikana akuti chimawatsegula m'mimba. Ndinawakumbutsa, anayankha kuti alamu musandiyalutse pagulu.

Tinaitanitsa tchizi ndi biltong kuti tiperekezere, tchizi chinagwirizana nawo bwino chifukwa asidi uja amatsuka mafuta m'kamwa, biltong ayi sizinayende. Ine m'mutu mwanga ndimaganiza chambo chowotcha kapena usipa wokazinga wothira tsabola wa kambuzi, kapena nyama ya nkhumba ya pa chiwaya, pamenepo ndiye mowa uwu ukhoza kuonetsa khalidwe lake lonse. Ukamatenthera mu tambula umasinthanso, khola limachepa zipatso zimabwera patsogolo, ndiye osaumwa wozizira kwambiri ngati Castle Lite, ndipo osaugugudiza. Ine katambula kamodzi ndinakhala nako pafupifupi ola, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire.

Kodi ndingaugulenso ndi ndalama yanga? Mwezi uno ayi, lendi ikudikira ndipo kumudzi akufuna ya feteleza. Koma alamu atapita ku toilet ndinagula botolo limodzi la 750ml lotseka ndi chitsekerero cha waya ngati shampeni, mtengo wake sindinena pano chifukwa mayi a kunyumba amawerenga zimene ndimalemba. Mnyamata uja anati ndiliimike chilili pamalo pozizira ndipo pothira ndisiye zotsalira za pansi, ndati zimenezo kwathu ndiye timazitcha masese, anthu amachita kulimbirana.

Lamulungu m'mawa ndinaimbira mayi pa WhatsApp kuwafunsa za mbiya ija, poti agogo anatisiya kalekale ndipo pakhomo palibenso amene amaphika mowa chilowereni mayi mu mvano. Anadabwa kuti mwana iwe uli ku Joni ukufunsa za mbiya bwanji, kodi wayamba kumwa kwambiri? Ndati ayi mayi ndangoikumbuka. Akuti ilipo, ili kuseri kwa khitchini chogona cham'mbali, nkhuku ya mawanga ija ndi imene imaikiramo mazira.