Mayi a Kunyumba Anasanduka Nkhanga

Ku Norfolk, ku England, ndinabwera kudzasamalira okalamba, za zitsulo sindinkazidziwa. Koma tsiku lina mdala woyandikana naye nyumba anandiitana m'shedi mwake kuti ndimugwirire chitsulo pang'ono, ndipo pang'onoyo inatha zaka zitatu. Tinkapanga kathirakitala koyendera nthunzi, kotengera mathirakitala a Burrell aja ankapangidwa m'tauni ya Thetford mpaka fakitale inatsekedwa mu 1928. Kathu kanali kochepa, mainchi 2 pa phazi lililonse la injini yeniyeni, koma kamadya malasha enieni ndipo kamawotcha chala mopanda chisoni ngati mkulu wake.

Titamaliza, boyila yowiritsira madzi a nthunzi itayesedwa n'kupatsidwa chikalata, mdala anapita kukaona mwana wake ku Scotland. Ponditsanzika anandisiyira makiyi ndi lamulo limodzi lokha: mu kathanki ka mafuta a silinda, momwe nthunzi imakankhira pisitoni, musalowe china chilichonse kupatula oyilo wa nthunzi. Ndinavomera ndi mutu. Nditatsegula chitini chake ndinapeza muli mbee.

Apa m'pamene nzeru za kwathu zinandibwerera. Ine amene ndinaona minibasi ikuyenda kuchoka ku Limbe mpaka ku Mulanje ndi oyilo wakuda ngati phula, ndingaope kainjini kofika m'mawondo? Oyilo ndi oyilo. Ndinatapa wa galimoto yanga n'kuthira.

Kanayenda bwino mphindi zochepa, kenako kanayamba kulira. Kulira kwake ngati nkhumba imene yaona mpeni. Pisitoni ikapita kutsogolo, kwii, ikabwerera, kwii. Zoona zake ndinazimva pambuyo pake: m'silinda mumadzaza nthunzi yotentha ndi yonyowa, ndipo oyilo wa galimoto imangomutsuka n'kumutaya, chitsulo n'kutsala chikukhulana ndi chinzake. Oyilo wa nthunzi ndi wolimba ngati uchi wa m'nyengo yozizira, ndipo amasakanizamo mafuta a nyama pang'ono kuti azikakamira pachitsulo chonyowa. Ndinaitanitsa wa giredi 460, manyazi ndili nawo ndekha.

Oyilo woyenera atafika ndinati basi nkhondo yatha. Ndinakoleza moto, nthunzi inakwera, nkhumba ija inadzukanso. Nditavundukula kathanki ndinapeza oyilo wanga wodula uja wasanduka chambiko, woyera, wa thovu. Pakati pa kapampu ka mafuta ndi silinda pamakhala kavalavu kokhala ndi kampira kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira. Ntchito yake n'kulola oyilo kupita kutsogolo, nthunzi osabwerera. Kachinyalala kosaoneka ndi maso kanakhala pansi pa kampirako, ndiye nthunzi inkabwerera m'mbuyo kudzaphika phala m'thanki. Ndinatsuka, ndinagogoda kampira kamodzi ndi hamala kuti mpando wake ukhale bwino monga ndinkamuonera mdala, ndinaika kampira katsopano. Zimenezi ndinazichita molondola, ndipo ndikufuna zilembedwe, chifukwa ndi chokhacho.

Chimene chinandipweteketsa ndi mkwiyo. Kapampu kaja kamayendetsedwa ndi kagudumu ka mano, ndipo injini ikazungulira kamodzi kagudumuko kamasuntha dzino limodzi. Ine ndinati silinda imeneyi yalira kokwana, idye mpaka ikhute. Ndinasuntha kandodo kokankha kagudumuko kuti kazidumpha mano anayi. Ndinapukusanso pamanja kambirimbiri, poti mlendo wanjala sumuyezera nsima.

Linali Loweruka. Mayi a kunyumba anali atavala za Mvano, bulauzi yoyera mbee ndi duku lake, atasita kuyambira usiku, akudikira galimoto yopita ku mapemphero a Amalawi anzathu. Zaka zitatu akhala akufunsa chimene ndimachita m'shedi mwa mzungu mpaka chakudya kuzizira. Ndinati lero aone.

"Mayi, tabwerani muone ntchito ya manja a amuna anu."

"Bambo, chinthu chanucho sichidetsa?"

"Chidetse bwanji? Imeneyi ndi nthunzi, madzi okhaokha."

Anabwera monyinyirika, chikwama m'khwapa. Anawerama kuti amve bwino, nkhope ili pamwamba penipeni pa chumuni. Ine ndinaiwala kutsegula timipopi ta pansi pa silinda totayira madzi, ndipo pa injini zoterezi nthunzi yotuluka m'silinda imatulukira m'chumuni momwemo kuti izikoka moto. Ndinakankha chotsegulira nthunzi monyadira. Kainjini kanatsokomola katatu, fwa, fwa, fwa, ndipo oyilo yense ndinamuunjika uja, pamodzi ndi madzi ndi mwaye wa malasha, zinauluka.

Nkhumba sinalire. Injini inkayenda mwakachetechete, mokoma, ngati mashini osokera. Ndinatembenuka kuti ndilandire chiyamikiro, ndipo ndinaona nkhanga itaima pakhomo la shedi, madontho kuyambira pa duku mpaka m'chiuno, ena pa magalasi. Sanakalipe. Anavula magalasi, anawayang'ana, anandiyang'ana ine.

"Madzi okhaokha, eti bambo?"

Nthawi yomweyo galimoto inaimba hutala panja, muli amayi anayi oyera ngati angelo, onse makosi atasolola pawindo.

Oyilo wopangidwa kuti asachoke ndi nthunzi yotentha sachokanso ndi sopo, ndinayesa masiku atatu. Bulauzi yatsopano ndinalipira ine, duku ndinalipira ine, ndipo nkhaniyi inafika ku Mulanje pa WhatsApp ine ndisanasambe m'manja. Mdala atabwera anayang'ana denga la shedi yake, nalonso linali la madontho, anawerenga mano a kagudumu ndi chikhadabo, n'kubwezera kandodo pa dzino limodzi osanena kanthu. Kenako anapempha chopukutira manja, ine ndinamupatsa bulauzi ija. Anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti nsalu yabwino chonchi yopukutira sanaionepo, ndifunse mayi ngati ali nayo ina.