Lipoti la ulendo wa gulu lathu la literature: m'mawa pa siteji, masana kojambula filimu

Loweruka lapitali gulu lathu la aphunzitsi ndi ophunzira a literature ochokera ku Matero, Chawama ndi Kabwata linayendera malo awiri. M'mawa tinali ku Lusaka Playhouse, masana tinapita pa nyumba ina ku Kabwata pamene achinyamata ena akujambula filimu yaifupi. Tinkafuna kuti mawu amene ana a Grade 12 amaloweza m'makope, n'kukawasakaniza pa mayeso, awaone akugwira ntchito ndi maso awo.

Choyamba chinali kudziwa mbali za siteji. Stage left ndi kumanzere kwa wosewera atayang'ana anthu, osati kumanzere kwa woonera, ndipo ambiri a ife tinaloza kolakwika. Upstage ndi kumbuyo, downstage ndi kutsogolo kufupi ndi anthu. Mayinawa anachokera ku masiteji akale a ku Ulaya amene ankakhala opendekeka, kumbuyo kokwera. Blocking ndi kukonzeratu poima aliyense ndi kumene ayendere, ndipo malowo amawaika chizindikiro cha tepi pansi. Cholakwika chofala n'chakuti wosewera mmodzi akaima kumbuyo kwambiri, mnzake amakakamizika kufulatira anthu kuti amuyankhe, mawu ake n'kuthera kukhoma.

Nthawi yambiri inathera pa mawu atatu amene amavuta chaka ndi chaka: monologue, soliloquy ndi aside. Amayi amene ankatitsogolera anatenga nkhani imodzi, ya mkazi amene wadya ndalama za chilimba mwamuna wake osadziwa, n'kuiseweretsa katatu. Ulendo woyamba mkaziyo analankhula nthawi yaitali, mwamuna ali pampando akumvetsera osamudula. Imeneyo ndi monologue. Kachiwiri onse anatuluka, iye n'kutsala yekha akuulula zimene zili mumtima mwake. Imeneyo ndi soliloquy. Kachitatu mwamuna anali pomwepo, koma mkazi anangopotolokera kwa ife n'kunena chiganizo chimodzi, mwamunayo n'kukhala ngati sanamve kanthu. Imeneyo ndiyo aside. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: pa sitejipo akumva ndani? Aside ikatalika kupitirira ziganizo ziwiri imawonongeka, chifukwa mwamuna uja amasowa chochita n'kumangoima ngati chitsa. Imawonongekanso iye akagwedeza mutu kapena kumwetulira, pakuti pamenepo waonetsa kuti wamva.

Dramatic irony inatulukira momwemo. Mwamuna analowa mosangalala, akuwerenga malata amene agule chilimba chikatuluka, ndipo tonse tinaseka chifukwa tinkadziwa kuti ndalamazo zinapita kalekale. Ophunzira amakonda kulemba irony pa chilichonse choseketsa kapena chatsoka. Poyankha funso la dramatic irony ayenera kutchula zinthu ziwiri: chimene woonera akudziwa, ndi mpangankhani amene sakuchidziwa. Mwana amene anamvapo nthano ya Kalulu akunyenga mlonda wa pachitsime ndi uchi amachidziwa kale chimenechi, kungoti sanachipatse dzina.

Panabukanso mkangano pa fourth wall, khoma losaoneka lija la pakati pa osewera ndi oonera. Ena mwa ife tikuona kuti mawuwa tiziwaphunzitsa mosamala, chifukwa nthano zathu zilibe khomalo: wokamba akati "Padangokhala", omvera amayankha "Tili tonse". Chikwakwa Theatre ya pa University of Zambia, imene Michael Etherton ndi ophunzira ake ankayendetsa cha m'ma 1970, inali ya pabwalo, ndipo inkatengera masewero kumidzi m'zinenero za anthu. Kwa ife, wosewera kulankhula ndi oonera si chachilendo.

Za pampondachimera, pamene nkhani imafika pachimake, tinangodutsa mwachangu. Ana ambiri amaloza mapeto a nkhani, pamene pampondachimera m'sewero lija ndi pomwe mwamuna akufunsa ndalama pamaso pa amayi a chilimba. Zotsatira zake ndi kumasula mfundo chabe. Foreshadowing imalozera zakutsogolo, flashback imabwerera m'mbuyo, ndipo apa panalibe wovutika.

Ku Kabwata mawu anasintha. Scene ndi zochitika pa malo amodzi nthawi imodzi. Shot ndi chimene kamera yajambula kuyambira poiyatsa mpaka poizimitsa, ndipo take ndi kubwereza shot yomweyo. Tsamba limodzi la script, zolemba za seweroli, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa filimu, koma tsamba limene tinaonerera analijambula m'ma shot atatu: wide shot yoonetsa chipinda chonse, medium shot yoyambira m'chiuno, ndi close-up ya nkhope. Kabolodi kamene amawomba poyamba kamalembedwa nambala ya scene ndi ya take. Phokoso lake limathandiza wolumikiza filimu kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi, popeza mawu amajambulidwa pa makina ena. Achinyamatawo ankajambula mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi monga zimafunikira pa TV kuno, pamene filimu ya ku cinema imakhala 24.

Zinthu ziwiri zinawonongeka tikuona, ndipo zinatiphunzitsa kuposa zimene zinayenda bwino. Anthu awiri akamacheza, pamakhala mzere wongoganizira wowalumikiza, ndipo kamera iyenera kukhala mbali imodzi ya mzerewo. Limeneli ndi lamulo la madigiri 180. Wojambula atawoloka mzerewo pofuna kuwala kwa pawindo, onse awiri anaoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati palibe akulankhula ndi mnzake. Chachiwiri chinali continuity, kuonetsetsa kuti zinthu zikhale chimodzimodzi pa shot iliyonse. Pa take yoyamba m'mbale munali mitanda iwiri ya nsima, pofika yachinayi munatsala theka, ndipo shot zimenezo sizikanalumikizika. Anachita kuphika ina. N'chifukwa chake pamakhala munthu wongoyang'anira mbale, zovala ndi dzanja limene lagwira kapu. Pa nkhani ya mawu, anazimitsa firiji, kudikira kuti kondakitala wa minibasi pamsewu amalize kuitana, kenako onse anakhala chete theka la mphindi kuti ajambule phokoso la chipinda chopanda wolankhula, limene amatsekera nalo mipata polumikiza.

Chimene chinagwirizanitsa m'mawa ndi masana ndi close-up. Mtsikana wosewera sananene kanthu, kamera inangoyandikira maso ake mwamuna amene ankasewera naye akuyang'ana kwina, ndipo tonse tinadziwa kuti akunama. Ntchito imene aside inagwira pa siteji, apa anaigwira maso. Voice-over, mawu omveka pakamwa pali potseka, imalowa m'malo mwa soliloquy.

Tinagwirizana kuti pa msonkhano wotsatira kagulu kalikonse ka anthu anayi kabwere ndi tsamba limodzi la script lokhala ndi aside imodzi. Adzalisewera pamaso pa anzawo, kenako adzalijambula pa foni yogoneka cham'mbali, aside ija ataichotsa n'kuikapo close-up.