Pedulo sinagwe, musamanamizane

Choyamba tikonze nkhani. Amene mukufalitsa pa WhatsApp kuti ndinalowa pa Lizulu ndikupalasa ndi mwendo umodzi, winawo uli m'malere, Mulungu akukuonani. Mapedulo onse awiri analipo. Chimene chinafika pansi ndi ine, ndipo nakonso sikunali kugwa kwenikweni, ndinangotsika mofulumirirapo.

Mlandu wonse uli pa kachitsulo kamene ambiri a inu simunakaonepo ngakhale mumapalasa tsiku ndi tsiku. Pansi pa fulemu, pomwe miyendo ya mapedulo imakumana, pali chibowo, ndipo m'menemo mumakhala ekiselo ndi mabering'i ake. Dzina lake ndi bottom bracket. Pa njinga zathu zakuda za kabaza si nkhani n'komwe: wokonza aliyense wa pansi pa mtengo amakuikira mabolo atsopano, girisi pang'ono, kukhoma kotapini, wapita. Koma ine ndinali nditakwera. Mlamu wanga anandibweretsera fulemu kuchokera ku Joni, yachitsulo koma yopepuka, yopangidwa ku Italy, ya njinga zampikisano zija za mahandulo opindikira pansi. Ndinalumbira kuti ndiimanga ndekha, chitsulo chimodzichimodzi, osaononga ndalama.

Bottom bracket yakale inali momwemo, dzimbiri lokhalokha. M'mawa wina wa mu Juni, chifunga chitakuta phiri lonse la Dedza, ndinanyamula fulemu paphewa kupita kwa madala ena okonza njinga kuseri kwa msika. Anaitembenuza, n'kuika sipanala mbali ya tcheni kuti amasule monga amamasulira bawuti aliyense. Ndinawagwira dzanja.

"Pepani madala, mbali imeneyo mazinga ake ndi obwerera. Kuti imasuke, mupotokole ngati mukumanga."

Apa mundimvere bwino, chifukwa sindinaname. Pa njinga zambiri, zija amati za mazinga a Chingelezi, mbali ya tcheni ilidi yobwerera, ndipo anachita dala kuti isamadzimasule munthu akamapalasa. Ndinali nditaonera pa YouTube mpaka bandulo kutha. Madala anandiyang'ana ine, anayang'ana foni yanga, kenako anandipatsa sipanala ndi manja awiri. Anakakhala pa chigubu n'kuyamba kusenda nzimbe.

Ndinakoka. Zii. Ndinaponda ndi phazi. Zii. Mnyamata wina wa kabaza anabwera ndi paipi yaitali n'kuiveka ku sipanala, tinakoka awiri. Kenako anafika wachipisi uja wa thupi lake, anapukuta manja pa epuloni, n'kuti tonse ndife ana, tipatuke. Sitinapatuke, tinalendewera atatu. Anthu ena awiri anakhalira fulemu kuti isanyamuke. Pofika apa panali patadzaza, ndipo aliyense anali injiniya. Wina amati tithirepo Coca-Cola. Wina amati tiiotche ndi moto. Mayi wina wogulitsa mbatatesi anati katundu wa ku Joni sabwera yekha, ndikafunse bwino mlamu wanga kuti mwini wake anamwalira bwanji.

Wachipisi anayambitsa nyimbo, ife n'kumavomera, kukoka limodzi pa mawu omaliza. Chitsulo chinalira kuti kwiii. Msika wonse unakuwa kuti yayamba! Tinapuma, tinagwirana manja, ine mpaka ndinawacheukira madala aja ndi nkhope ya munthu wophunzira. Iwo anangolavula zotsalira za nzimbe. Tinakokanso, kwiii. Chisangalalo china. Anthu inu, m'Dedza mozizira muja ine thukuta linali kamukamu, malaya nditavula, mitsempha ya m'khosi ili panja, ndikulamula amuna anzanga ngati kapitawo wa pa esiteti. Ndipo kwiii aliyense amene tinkamuombera m'manja uja, chitsulocho chinali chikulowa.

Anatipulumutsa ndi kamwana ka sukulu. Kanapukuta dzimbiri ndi chala chamalovu n'kuwerenga mokweza, monga amachitira m'kalasi: "36 x 24."

Madala anadzuka pa chigubu mosafulumira. "Ya Chitaliyana imeneyo. Mbali zonse ziwiri imamasuka ngati bawuti wamba. Mwakhala mukumanga, bwana."

Ndinafunsa kuti nanga osanena bwanji. Anati foni yanga inali ikulankhula, iwo sakonda kudula mawu.

Anaithira parafini, inagona, mawa lake inatuluka. Koma vuto lenileni linali m'thumba mwanga, chifukwa yatsopano ndinali nditagula kale ku Lilongwe. Ndipo ndinagula mwanzeru, zimenezi ndikana mpaka kumanda kuti ndinapupuluma. Mnyamata wa m'shopu anafuna kundigwetsera ya Shimano ija amati Hollowtech II, yomwe ekiselo yake ya mamilimita 24 imabwera yomatirira ku mwendo wa pedulo, kutanthauza kuti ndikanagulanso miyendo yonse ndi magiya ake akutsogolo. Ndinakana. Miyendo yanga ndi yachikale, ya chibowo cha makona anayi, ndiye ndinasankha yotsika mtengo ya makona anayi, yotsekedwa kale mabering'i m'kati. Ndinaonetsetsa ngakhale kutalika kwa ekiselo, mamilimita 113, poti ikatalikitsa tcheni chimayenda chopingasa, ikafupikitsa magiya amakhula fulemu. Ndani mwa inu akanaganiza zimenezo?

Pa bokosi panalembedwa 68. Fulemu ya Chingelezi chibowo chija chimakhala mamilimita 68 m'lifupi, ya Chitaliyana 70, za m'mapiri zambiri 73. Ndinayeza ndisanapite, inde. Ndinayezera tepi ya mayi a kunyumba yosokera, imene yakhala ikuzungulira ziuno za anthu a mpingo wonse mpaka inatamuka. Pa tepi imeneyo 68 ndi 70 ndi pachibale. Mnyamata wa m'shopu naye anati zonse n'chimodzimodzi bigi, bola ndi njinga.

Madala anaitenga n'kuilowetsa m'chibowo. Inangodutsa, phololo, osagwira zinga ndi limodzi lomwe. Ya Chingelezi kunenepa kwake ndi mamilimita 34.8, chibowo cha Chitaliyana ndi 36. Kamilimita kamodzi ndi kachidutswa, basi. Mayiko awiri akuluakulu, a mafakitale ndi mayunivesite, analephera kukhala pansi n'kugwirizana pa kamilimita kamodzi, ndiye wolakwa akhale ine wa ku Dedza?

Madala anati ndikafune yolembedwa 70, ya mazinga a Chitaliyana, zilipo ndithu, kungoti kuno n'zosowa. Ndinawapempha kuti tipeze njira ina. Anati iwo dzanja lawo saikapo. Ndinapita kwa mnyamata wina wa kufupi ndi depoti, amene sanamvepo mawu oti sizingatheke chibadwire. Anadula chitini cha chakumwa ndi sizasi, anakulunga pa mazinga, anamenya ndi hamala, n'kundiuza kuti imeneyi ndikafika nayo ku Blantyre.

Ndinanyamuka pa M1 nditavala kabudula wothina uja ndinamupeza pa kaunjika. Mpaka pa mphambano ya ku Bembeke njinga inali kuuluka, ndikupitirira akabaza osawapatsa n'moni womwe. Chakumasasa ndinayamba kumva kuti tcheke, tcheke. Ndinati ndi kamwala. Kenako miyendo ya mapedulo inayamba kuvina, ndikaponda kumanja yonse imathawira kumanzere. Munthu wanzeru akanaima, ndikudziwa mutero, koma munthu wanzeru yemweyo akanaima pati, atavala kabudula ameneyo?

Ndiye pa Lizulu, pakati penipeni pa msika, pomwe mabasi amaima ndipo amayi amathamangira mawindo ndi mabeseni a tomato ndi karoti, magiya akutsogolo anakakhula fulemu, tcheni chinagwa n'kudzikulunga, mapedulo anauma gwa. Ndinatsikira pa mulu wa makoko a kabichi. Kachitini kaja kanasomphoka, kanagubuduka kuwoloka msewu, ndipo poti pamenepaja tsidya lina la msewu ndi Mozambique, kanatuluka m'dziko kopanda pasipoti. Palibe anakatsatira.

Mayi wina wachikulire anandithandiza kudzuka, anandisasa makoko kumsana, anandiyang'ana kuyambira m'chiuno kutsika, n'kufunsa mwachifundo chenicheni: "Mwanawe, akulanda buluku?"

Pobwerera kondakitala wa minibasi analipiritsa njinga mtengo wa munthu wamkulu, ati yatenga malo a anthu awiri ndipo wandichitira chisoni. Amene anajambula ndikukweza njinga ija ndikumudziwa, tidzakumana pa maliro.

Mlamu wanga akuti afufuza ya 70 ku Joni, abwera nayo pa Khirisimasi ngati sayiwala. Pakadali pano ya 68 ija ndikugulitsa. Ndi yabwinobwino, yangoyenda kuchoka pa boma kufika pa Lizulu, ili ndi timabala ta hamala pang'ono. Mtengo tikambirana.