Deti yosalembedwa ndi chizindikiro chosaoneka mu SQL*Loader

Ntchito imene ndinapatsidwa inkaoneka yaing'ono: kulowetsa fayilo ya CSV ya malipiro mu tebulo la Oracle, pulogalamu yosungira deta, pogwiritsa ntchito SQL*Loader, chida chake cholowetsera deta kuchokera mu mafayilo, ndipo paliponse pamene kolamu ya deti yasiyidwa yopanda kanthu, pakhale tsiku loyamba la mwezi umene fayiloyo inakonzedwa. Inanditengera masiku awiri, ndipo limodzi mwa masikuwo linangopita pachabe.

Ndinayamba ndi kudalira DEFAULT imene inalipo kale pa kolamuyo, kutanthauza chimene Oracle imaika yokha ngati simunapereke kanthu, koma mizere yopanda deti inakanidwa ndi uthenga wa ORA-01400, wonena kuti kolamuyo siloledwa kukhala yopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti Oracle imagwiritsa ntchito DEFAULT pokhapokha ngati kolamuyo sinatchulidwe n'komwe, pamene mukaitchula mu control file, fayilo ya malangizo a SQL*Loader, SQL*Loader imatumiza NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu, ndipo Oracle imaitenga ngati chinthu chimene mwasankha nokha. Kuyambira pa Oracle 12c pali DEFAULT ON NULL imene ikanathetsa vutoli, koma kusintha tebulo la malipiro kumafuna chilolezo chimene ine ndinalibe. Musatayenso nthawi ndi DEFAULTIF, chifukwa dzina lake limanyenga: imaika ziro kapena malo opanda kanthu, osati deti imene mukufuna.

Njira yoyenera ndi kulemba mawu a SQL pa mzere wa kolamuyo, motere: tsiku DATE "DD/MM/YYYY" "NVL(:tsiku, '01/03/2024')". NVL imaika deti yachiwiriyo ngati :tsiku ndi NULL. Musaikemo TO_DATE, yosandutsa mawu kukhala deti, ngati mwalemba kale DATE ndi kalembedwe kake, popeza SQL*Loader imayamba yawerenga mawu a SQL kenako n'kusandutsa zotsatira zake kukhala deti, choncho mudzakhala mwasandutsa kawiri.

Nditalemba zimenezi, mizere yomweyo inakanidwanso, ndipo apa ndi pamene panandipsetsa mtima kwambiri. Tsiku lonse ndinkatsegula fayilo ya log, yofotokoza zimene zachitika, ndi ya bad, yosunga mizere yokanidwa, kusintha kalembedwe ka deti, kuyambiranso, mpaka ntchitoyo n'kuimanso yokha ikadutsa zolakwa 50 zimene SQL*Loader imalola ngati simunasinthe ERRORS. Ndikayang'ana mzere wokanidwa, pambuyo pa chizindikiro chomaliza cha koma (,) sindinkaona chilichonse, komabe NVL inkachita ngati palembedwa kanthu. Madzulo ndithu ndi pamene ndinayendetsa cat -A, lamulo loonetsa zizindikiro zosaoneka, pa fayiloyo, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunaoneka ^M, mmene cat -A imaonetsera chizindikiro cha CR. Fayiloyo inasungidwa ndi Excel pa Windows, kumene mzere umatha ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, pamene seva yathu ya Linux imangoyembekeza LF. Poti deti inali kolamu yomaliza, CR inkalowa m'menemo, ndipo kolamu imene ine ndinkaiona yopanda kanthu inali ndi chizindikiro chimodzi. Amene anatumiza fayiloyo sanandiuze kuti anaidutsitsa mu Excel, ndipo uthenga wa cholakwa sunatchule zimenezi ngakhale pang'ono. Yang'anani mathero a mizere musanakhudze control file.

Ndisanaiwale, TRAILING NULLCOLS, imene imatenga makolamu osowa kumapeto kwa mzere ngati NULL, ndi yofunika ngati mizere ina ikutha isanafike pa kolamu yomaliza. Ine ndinaiika m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo mwina ndi chimene chinandichititsa kuganiza kuti za kumapeto kwa mzere ndathana nazo.

Ndinayendetsa dos2unix, imene imachotsa CR kumapeto kwa mizere, pa fayiloyo, ndipo poopa kuti mwezi wamawa idzabweranso chimodzimodzi, ndinakulunganso :tsiku mu REPLACE kuti ichotse CHR(13), yomwe ndi CR yomweyo, NVL isanaiwerenge. Ena anandilangiza kungolemba SYSDATE, imene imaika deti ya tsiku lolowetsa deta, koma ndinakana, chifukwa tsiku lolowetsa deta si tsiku limene munthu analipira, ndipo owerengera ndalama akanapeza malipiro a mwezi wina ali m'mwezi wolakwika. Ndikubwerezanso kuti fayilo iliyonse yochokera pa Windows muziyamba mwaiona ndi cat -A. Nditatero, mizere yonse inalowa pa ulendo umodzi, ndipo fayilo ya bad sinapangidwe n'komwe.