Kupeza mtengo weniweni wa katundu VAT isanalowepo

Anthu ambiri, ngakhale amene amachita bizinesi tsiku ndi tsiku, akafuna kudziwa mtengo wa katundu msonkho wa VAT usanaikidwe amatenga ndalama zonse za pa lisiti n'kuchotsapo peresenti ya msonkhowo, mwachitsanzo 16.5 peresenti. Yankho lake limakhala lolakwika nthawi zonse, ndipo mwini bizinesi ndi amene amadyeredwa pa nthawi yolemba mabuku.

Tiyerekeze kuti mwalipira K116,500 ndipo VAT ya 16.5% ili kale m'kati. Mukachotsa 16.5% ya K116,500, yomwe ndi K19,222.50, mutsala ndi K97,277.50. Koma mtengo weniweni unali K100,000, msonkho K16,500. Mwasemphana ndi K2,722.50. Chifukwa chake n'chakuti msonkho uja anauwerengera pa mtengo woyambirira, osati pa ndalama zomwe mwalipira. Inuyo mwatenga peresenti ya nambala yaikulu.

Algebra ya kusekondale imathetsa nkhaniyi mu mizere iwiri. Mtengo womwe sitikuudziwawo tiutche x. Wogulitsa anatenga x, n'kuwonjezera 0.165 ya x. Choncho:

x + 0.165x = 116,500
1.165x = 116,500

Gawani mbali zonse ndi 1.165, ndipo x ndi 100,000. Ndiye pobwerera m'mbuyo timagawa, sitichotsera. Boma likasintha mlingo wa VAT, njira ndi yomweyo, chimasintha ndi nambala yogawira basi: pa 17.5% mugawa ndi 1.175. Yang'anani mlingo womwe walembedwa pa lisitiyo, musadalire wa pamtima. Amene ali ku Zambia, komwe VAT ndi 16%, agawe ndi 1.16; ku South Africa ndi 1.15, ku Britain ndi 1.2.

Ngati mukungofuna kudziwa msonkho wokha pa VAT ya 16.5%, chulukitsani ndalama zonse ndi 16.5 kenako gawani ndi 116.5. Ena amazolowera kunena kuti VAT ndi "pafupifupi 14 peresenti" ya zonse. N'zoona kuti ndi 14.16, koma mukafupikitsa kufika pa 14, pa K1,000,000 mwataya ndalama zoposa K1,600. Siyani kalikuleta imalize ntchito, mufupikitse pamapeto pokha.

Povuta kwenikweni ndi pamene pali ndalama ina yokhazikika, monga ya mayendedwe. Mwagula matumba 10 a simenti, mwalipira K311,250 kuphatikizapo K20,000 ya galimoto yonyamula. Funso loyamba musanagwire kalikuleta: kodi K20,000 ija yalipitsidwa VAT kapena ayi?

Ngati galimotoyo munailipira padera ndipo VAT sinaikhudze, nkhani ili motere, x akuimira mtengo wa thumba limodzi:

10x × 1.165 + 20,000 = 311,250

Yambani mwachotsa 20,000, mutsala ndi 291,250. Gawani ndi 11.65 (10 × 1.165), mupeza K25,000 pa thumba. Mukayamba ndi kugawa musanachotse ya galimoto, mupeza K24,716.74, zomwe sizoona, chifukwa mwachotsa msonkho pa ndalama yomwe sinalipitsidwe msonkho. Koma zikanakhala kuti sitolo yomweyo inaika ya mayendedwe pa invoisi n'kulipitsa VAT pa zonse, mukanalipira K314,550, ndipo apo mukanayamba ndi kugawa ndi 1.165, kupeza K270,000, kenako n'kuchotsa K20,000. Chimene wogulitsa anamalizira kuwonjezera ndi chimene inu muyambe kuchotsa, ngati mmene timavulira nsapato tisanavule sokosi.

Kumahotela ndi kumaloji kumakhalanso tourism levy, msonkho wa zokopa alendo, ya 1%. Apa pali njira ziwiri zomwe zimafanana pa maso koma n'zosiyana. Misonkho iwiri ikawerengedwa yonse pa mtengo woyambirira, mumaphatikiza maperesenti: 16.5 ndi 1 zipanga 17.5, ndipo chipinda cha K80,000 chifika pa K94,000. Pobwerera mugawa ndi 1.175. Koma wina ukakhala pamwamba pa unzake, mumachulukitsa: 1.01 × 1.165 = 1.17665, ndipo chipinda chomwecho chifika pa K94,132. Kusiyana kwa K132 kukuoneka kochepa, koma pa msonkhano wa anthu 40 ogona masiku 3 ndi K15,840, ndalama yokwanira kuti wa akaunti abweze mapepala anu. Mukagawa ndi nambala imodzi n'kupeza mtengo wozungulira bwino ngati K80,000, nthawi zambiri mwalondola njira yomwe anagwiritsa ntchito.

Chenjezo lina ndi la lisiti ya m'sitolo zikuluzikulu. Si katundu yense amene amalipira VAT. Wina MRA, bungwe lotolera misonkho, inamuika pa ziro kapena inamupatula. Mukagawa ndalama zonse za pansi pa lisiti ndi 1.165 pamene m'kati muli katundu wotere, msonkho womwe mupeze ukhala waukulu kuposa womwe munalipiradi. Patulani kaye katundu wopanda msonkhoyo, muchotse mtengo wake, kenako mugawe zotsalazo.

Mukapeza x, muchulukitseninso ndi 1.165, muwonjezere zina zonse monga anachitira wogulitsa, muone ngati mwafika pa nambala ya pa lisiti. Kusiyana kwa matambala ochepa kumachokera pa kufupikitsa. Kukapitirira makwacha angapo, ndiye kuti pali ndalama ina yomwe mwaiika mbali yolakwika ya msonkho.