Mmene dzina loti Sajeni Linthumbu linabwerera

Anthu akhala akundifunsa za dzina limeneli ndiye ndati ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhaniyi akamaikamba Kopolo wathu wa ku Joni uja amaithira mchere wambiri mpaka amanena kuti ndinalira mokuwa ngati mwana. Sindinalire ine. Ndinangoitana malemu mayi anga kawiri, zimenezo ndi zosiyana.

Poyamba mudziwe kaye kuti ndine ndani. Usilikali ndinauphunzira ku Salima, ndakhala zaka zambiri ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndinapita nawo ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala nthawi imene Frelimo ndi Renamo zinali pa moto, ndipo mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani tikulanda zida a Payoniya ndinalipo. Sindikudzitama ayi (chabwino, pang'ono pokha) koma ndikufuna mumvetse kuti munthu amene anachita zimene muwerengezi si wamantha.

Titapuma ntchito ife a intake imodzi ndi ena oyandikana nafe tinali ndi chizolowezi chokumana m'tauni mwa Zomba mwezi ukatha, penshoni ikalowa. Bawo, ka Chibuku, ndi mabodza omwe aja a chaka ndi chaka, munthu amene ku Nacala anali wophika lero akukuuzani kuti anathamangitsa yekha adani khumi ndi chipande. Novembala ikafika timavala majekete ndi kaduwa kofiira kaja pachifuwa kupita kuchipilala cha a Keyala. Moyo unali umenewo basi.

Korona itafika mu Epulo 2020 kunena zoona sitinaitenge ngati kanthu. Lockdown ya masiku 21 ija khoti linaimitsa, anthu anadzaza m'misonkhano ya kampeni mpaka kuvota mu Juni, ife nkumati aaa matenda a okwera ndege awa. Koma Januwale wa 2021 anatitseka pakamwa tonse. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi pa 12, State House ya ku Zomba kusanduka chipatala, ku Bingu Stadium chimodzimodzi, 9 koloko usiku aliyense akhale ali m'nyumba, pamsonkhano osapitirira anthu 50. Kwathu kuno lamulo la boma linali lofewa poyerekeza ndi la mayi a kunyumba. Iwo anangoti inu ndi BP yanuyo simudutsa mpanda uwo, ndipo madzulo aliwonse ndimalowetsedwa m'bulangete ndi poto wa masamba a bulugama owira, ndikatuluka thukuta kamukamu ndikupeza kapu ya jinja, adyo ndi mandimu ikundidikira. Ine mkamwini pano, ndikanatani.

Ndiye mkati mwa zimenezo mnzathu mmodzi anatisiya. Anali wa band, woimba lipenga, munthu amene anaimbira Last Post pamaliro a anzathu osawerengeka koma pa ake ife sitinathe kupita. Zinatiwawa kwambiri. A Kaputeni analemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti anyamata, tichita perete pa Zoom Loweruka 4 koloko, mwana wawo akonza zonse, ndipo mayi amasiye nawo adzakhalapo. A Sajeni Meja anatsatira ndi voice note yaitali ngati ulaliki yomwe inandidyera bandulo theka, mfundo yake inali imodzi: aliyense avale mokwanira, ndevu zimetedwe, wobwera ngati akupita kudimba adzamuona.

Zoom ine ndinali ndisanaionepo. Mwayi sukulu zinali zitatsekedwa ndiye mdzukulu wanga wa Form 3 anali pakhomo, anaiika mufoni nkundiphunzitsa ngati ine ndi recruit, agogo apa ndi pa maiki, mukadina pakabwera kamzere kofiira ndiye kuti sakukumvani, mukadinanso akukumvani, mwamva? Ndinati iwe ine ndagwirapo wayilesi ya nkhondo usanabadwe. Vuto linali netiweki. M'nyumba mwathu foni imangogwira kuitana, intaneti mpaka upite pachulu chakumapeto kwa munda wa chimanga, pamene pali kamtengo ka gwafa. Mudzi wonse umadziwa, anyamata amapita pomwepo kukaona zigoli za mpira wa ku England.

Loweruka lija mvula inagwa m'mawa nkukata masana. Ine ndinayamba kukonzeka 1 koloko. Buluku ndinasita ndekha ndi simbi ya makala mzere wake woti ungadule nawo tomato, jombo ndinapolisha ndi malovu mpaka ndikudziona nkhope, jekete, tayi, bareti, mamendulo onse pachifuwa ngwe ngwe ngwe. Mnyamata uja akuti agogo kamera imangoonetsa kuyambira pachifuwa kupita kumwamba, anthu amavala kabudula pansi. Ndinamuyang'ana. Ndinati amenewo ndi anthu wamba, msilikali savala theka. Mawu amenewa ndimawakumbukira mpaka lero.

Tinafika pachulu, foni tinaimangirira kunthambi ya gwafa ndi mphira ya chubu cha njinga, ine ndinaima potsetsereka pang'ono kuti mamendulo aoneke bwino. Pansi sindinayang'ane. Munthu amene ndinaphunzitsa anyamata mazana kuti usanakhazikike paliponse uyambe waona malo, tsiku limenelo maso anga onse anali pa kankhope kanga m'foni, ndikukonza bareti.

Mphindi 20 zoyamba zinali chipwirikiti chokhachokha. Aliyense akukuwa mukundimva? mukundimva? Wina akuoneka mphuno zokha, wina waika foni kukhutu ngati akuyankha call ndiye tonse tikuonera m'khutu mwake, wina kamera yaloza kudenga tikungoona malata ndi nyale. Kopolo wa ku Joni akudandaula kuti kumeneko boma laletsa kugulitsa mowa ndiye tisamuonetse mabotolo. Chokoma kwambiri chinali a Sajeni Meja, munthu amene akakuwa pa perete ku Cobbe mawu amakamveka kumsika, anali pa myuti osadziwa, mitsempha ya m'khosi ili tototo, kamwa ikutseguka ngati chambo chili pamchenga koma phee. Tinawasiya kaye kanthawi tisanawauze kkkk, ngongole zakale.

Kenaka mwana wa a Kaputeni anati madala fulumirani Zoom yaulereyi imaduka pakatha mphindi 40. Anayamba kuitana maina. Langa litafika ndinadina pa maiki paja nkuyankha mwamphamvu, saluti pamwamba. Kudinanso kuti nditseke ndinaiwala, ndipo mphunzitsi wanga anali atathamangira mbuzi zomwe zinalowa m'chimanga cha eni.

A Kaputeni analankhula mawu ochepa okhudza mnzathu uja, mayi amasiye ali pakona ya sikirini ndi duku lakuda. Kenaka Last Post inayamba kulira kuchokera pa laputopu. Tonse njo. Kunena zoona misozi inalengeza, ndinamuona mnzanga uja masaya atatupa ndi lipenga lake. Lipenga litatha a Sajeni Meja, omwe tsopano amamveka, analamula mphindi ziwiri za chete.

Ndi pomwe ndinamva kanthu kakuyenda kuseri kwa bondo.

Amene munakumanapo ndi linthumbu mukudziwa kuti tizilombo timeneti tili ndi discipline kuposa batalioni iliyonse yomwe ndinaionapo. Sitiluma pofika ayi. Timakwera mwakachetechete, ena kujombo, ena m'sokosi, ena kutsogola mpaka kumalikulu, aliyense kupeza malo ake, nkumadikira lamulo. Ine ndinali nditaima pakati penipeni pa mzere wawo nthawi yonse ija ndikuseka a Sajeni Meja, ndipo buluku losita bwino lija linali ngati msewu wa tala.

Ndinatsitsa diso limodzi mutu osagwedeza. Jombo zanga zowala zija sizimaonekanso, zinali zakuda bii koma zikuyenda. Ndinadziuza mumtima kuti mphindi ziwiri si kanthu, unagonapo m'ngalande usiku wonse udzudzu ukukudya, limba. Ndinayamba kuwerenga. Ndinafika pa 30. Pa 31 mkulu wawo anapereka lamulo.

Abale inu. Moto. Paliponse nthawi imodzi, ndipo kwambiri kumalo kumene sindingatchule pano chifukwa ana amawerenga nawo. Ndinaluma mano, mamendulo anayamba kulira okha ngwe ngwe ngwe chifukwa thupi limanjenjemera, kenaka kunatuluka kamawu kakang'ono m'mphuno, hmmmiii, ngati kamwana ka mbuzi. Chimene sindimadziwa ndi chakuti Zoom imakuza chithunzi cha amene akupanga phokoso. Anthu onse ali chete, wopanga phokoso ndine ndekha, ndiye pa foni iliyonse kuyambira Karonga mpaka Johannesburg panadzaza nkhope yanga, maso ali psuu, mlomo ukuvina. Ena akuti ankaganiza kuti ndagwidwa ndi chisoni, mpaka a Kaputeni akuti anakhudzidwa kuti koma Sajeni ankamukonda mnzakeyu.

Pa 50 ndinagonja. Ndi pamene ndinaitana mayi anga paja. Ndinadumpha, mutu unagunda nthambi, mphira inatsetsereka foni nkupendekera pansi, ndiye kamera yomwe amati imaonetsa pachifuwa pokha ija inayamba kuonetsa kuyambira m'chiuno kutsika. Ine osadziwa kanthu, ndili kalikiliki ndi lamba. Amene amati ukalowa linthumbu ungathe kulichotsa buluku uli chivalire sanalumidwepo. Buluku linatsika.

Apa ndiye pamene pali nkhani yeniyeni. Mayi a kunyumba sataya nsalu. Nthawi ya kampeni analandira chitenje cha chipani china, sinditchula, ndipo poti iwo sakanavala anandisokera makabudula awiri amkati. Chipani chake ndi chomwe ine ndinakhala ndikuchinyoza pa gulu lathu chaka chonse, tsiku ndi tsiku, mpaka kukangana ndi Kopolo. Ndiye nditatembenuka kuti ndithothole za kumbuyo, nkhope ya mtsogoleri wa chipanicho inali ikumwetulira bwinobwino pa thako langa lakumanzere, sikirini yonse.

Chete uja anathera pomwepo. Ndinangomva foni ikuphulika ndi phwete, wina akutsokomola, wina akuti Sajeni watulukira poyera! Kopolo akukuwa kuti ndinkadziwa ine, ndinkadziwa! A Sajeni Meja akuyesa kubweza bata koma mawu akuthyoka pakati.

Mayi a kunyumba anamva kukuwa ali kukhitchini ndipo anafika akuthamanga ndi chiwaya cha phulusa lotentha. Sanafunse kanthu. Inu bambo chokanipo apo! Uko! Vulani jombozo! Sokosinso! Tembenukani! Imani bwino mukugwedezekeranji! Ine ndikungomvera lililonse, jekete ndi mamendulo zili m'thupi, bareti ili pamutu, pansi chipani. Akuthothola chimodzichimodzi, mitu ina kutsalira pakhungu chifukwa linthumbu likaluma silisiya ngakhale ulidule. Mawu omaliza omwe ndinamva kuchokera kumtengo wa gwafa anali a Sajeni Meja akuti mayi amenewo akanabwera ku Cobbe ine ntchito ikanandithera, kenaka mphindi 40 zija zinakwana Zoom nkuduka yokha.

Usiku umenewo foni ndinaizimitsa. M'mawa nditayatsa ndinapeza mauthenga osawerengeka, wina anali atajambula sikirini ndipo mwana wake wapanga kale sticker, mpaka pano munthu akanena bodza pa gulu amamuponyera thako langa. Mayi amasiye aja anandiimbira patapita masiku, ine ndikuyamba kupepesa iwo akungoseka osatha kulankhula, akuti malemuwo akanakhalapo lipenga likanawagwa m'manja.

Mwezi wotsatira tinakumananso pa Zoom pomwepo. Ndinapita pachulu 3 koloko ndi mdzukulu wanga, tinasesa malo onse, mayi anazunguliza phulusa kawiri, ndipo perete yonse ndinaichita nditaima m'beseni la madzi, buluku nditapinda mpaka m'maondo. Makabudula aja pano ndi zokolopera.